Belu la Masana

Wotchi ya pansanja ya tchalitchi chathu inaima chaka chimene ine ndinakwatiwa, ndipo mpaka lero mivi yake ikuloza pomwepo. Alendo amati ndi ukalamba. Ine ndimadziwa kuti inaima chifukwa cha ine.

Bambo anga ndiwo ankaisamala, pamodzi ndi belu. Ntchitoyo anasiyiridwa ndi amalume awo, amene anabwera kuchokera ku Mozambique nsanjayo ikumangidwa. Ankatiuza kuti belulo linakwera Shire pa sitima, kenaka amtengatenga analinyamula pamtengo mpaka ku Zomba, wina mpaka kuthyoka phewa. Loweruka lililonse bambo ankakwera makwerero ndi kabotolo ka mafuta a makina osokera, n'kupukusa chitsulo mpaka miyala yoyendetsa wotchi itafika pamwamba. Chiperoni chikatsika m'phiri wotchiyo inkachedwa, iwo n'kumaikalipira ngati mwana waulesi. Mayi ankawaseka kuti ali pamitala, ndipo mkazi wokondedwa ndi wa kunsanja.

Belu linali ndi maliridwe ake. La masana linkalira katatu, katatu, katatu, ndipo aliyense, ngakhale wosenza nkhuni kuchokera ku Mulunguzi, ankaima pomwe ali n'kupemphera. La maliro linkalira kamodzi, bambo n'kudikira mpaka mawu ake atazilala, kenaka kamodzinso, mpaka bokosi litafika kumanda. Ankanyadira kuti palibe Mkhristu wa parishi yathu amene anapita osamulizira.

Zaka zoyambirira za matipate, pamene aliyense ankati tsopano tili pa ufulu, ine ndinapeza mwamuna, kalipentala wa ku Masongola. Vuto linali lakuti anakwatirapo ukwati wa m'tchalitchi. Mkaziyo anali atamusiya kalekale, koma anali moyo, choncho wathu sukanadalitsidwa. Akuluakulu a mpingo anachenjeza bambo kuti akakhala nawo pachinkhoswe, awaimitsa masakramenti. Bambo anakhala nawo, atavala jekete yawo ya pa Sande, ndipo anavina. Sabata yotsatira anakapereka kiyi wa nsanja.

Sanandinenepo kanthu, ndipo chimenechi ndicho chimandipweteka. Akanandikalipira, mwina mtima ukanapepuka. Ku Misa sanasiye, ankangokhala benchi la kumbuyo. Chingwe cha belu chinapita kwa mkulu wina wopuma pantchito ya umesenjala, amene anakangana ndi bambo zaka zambiri pa malire a dimba. Wotchi inamukana mwezi womwewo, ndiye ankaliza belu poyang'ana ya pamkono. Bambo akamva ankangopukusa mutu, amvekere akukoka ngati akutunga madzi pachitsime.

Patapita zaka zinayi bambo anagwa m'dimba m'mawa wina akupalira mpiru. Tinawapeza khasu lili pambali, atapita kale.

Ndinathamangira kwa akatekisiti n'kugwada pakhomo pawo.

"Belu lokha, aphunzitsi. Misa isakhale, kwaya isabwere, koma belu lokha."

"Mayi, lamuloli si langa," anatero, maso ali pansi. "Woimitsidwa sitimulizira."

Ndinawakumbutsa kuti mwana wawo atamwalira, bambo anakoka chingwe akudwala malungo. Ndinanena ndi zina zimene sindingalembe pano. Pakamwa panga mpotentha, aliyense akudziwa, koma tsiku limenelo sipanandithandize.

Pobwerera ndinadutsa pansi pa nsanja, ndipo mpamene nzeru inandibwerera. Njira ya kumanda imadzera pomwepo, ndipo belu la masana palibe amene angaliletse.

Tsiku loika maliro ndinamanga wotchi ya amuna anga pansonga ya chitenje. Adzukulu anatumiza mawu dzuwa lisanakwere kuti manda atha. Ine ndinanama kuti azakhali ali m'njira kuchokera ku Phalombe, tiwadikire. Anthu anang'ung'udza, achimwene anandiyang'ana ndi diso lofiira, koma ndinaumirira. Nthawi itayandikira ndinati basi, mwina basi yawo yafa, tiyeni. M'njira ndinkayenda patsogolo pa azimayi, pena kufulumira, pena kudzikoka, kwinaku ndikusuzumira m'chitenje. Kulira ndinaiwala, ndinkangowerenga mphindi.

Tinafika pansi pa nsanja kuli zii. Ndinasuzumiranso m'chitenje. Kenaka belu linalira, katatu. Onyamula bokosi anaima okha, popanda wowauza, chifukwa ndi mmene tonse tinakulira. Katatunso. Azibambo anavula zipewa, azimayi anayamba pemphero la masana. Katatu komaliza. Bambo anali pamapewa a anthu, pansi penipeni pa wotchi yawo yakufayo, ndipo ndinati mumtima, ababa, ndi lokhali ndakwanitsa.

Tinanyamuka. Titayenda pang'ono, belu linalira kamodzi, mozama, mawu ake n'kutsala akunjenjemera mpaka kuphiri. Aliyense analizindikira. Ndinacheuka n'kuona mesenjala uja akutuluka, akukiya chitseko, osatiyang'ana n'komwe. Atamufunsa akuluakulu pambuyo pake, anati chingwe chinamukola pamkono.

Bambo ankadikira kuti mawu azilale, kenaka n'kukokanso. Ine ndinatchera khutu njira yonse mpaka kumanda, ndinatcherabe dothi likugwera pabokosi. Lachiwiri silinalire. Mesenjala uja anamwalira ndisanamuthokoze, ndipo pa maliro ake anamulizira belu lonse, mpaka kumanda. Ine ndinaima kumbuyo n'kumawerenga.