Partition Yachinayi mu Hard Drive Yanga

Anzanga, ine ndinakumana naye chifukwa cha hard drive.

Ndimajambula mavidiyo a maukwati, ndipo kompyuta yanga inali itadzaza mpaka kumakana ngakhale chithunzi chimodzi. Ndinagula hard drive yaikulu, ya 8TB, koma kuilowetsa ndekha ndinkaopa. Ndiye ndinanyamula zonse kupita kwa mnyamata wina wokonza makompyuta, amene anthu ankangomutchula kuti Katswiri.

Anatsegula kompyuta ija, kuuzira fumbi, kumanga diski, kulumikiza mawaya awiri. Zonsezi ndi dzanja lamanzere.

"Achemwali, tiigawe pangati?"

"Kugawa bwanji?"

"Ma partition. Nyumba yaikulu imafuna zipinda. Kapena inu mumagona ndi mapoto?"

Ndinaseka mpaka misozi. Tinagwirizana zitatu: mavidiyo osakonza, mavidiyo omalizidwa, ndi zithunzi. Anandiuza kuti format itenga nthawi, ndikadye kaye. Nditabwerako ndinapeza zonse zatheka, ndi nambala yake ili pakapepala.

Sipanathe mwezi, "achemwali" anasanduka "babe". Ankandinyamulira kamera, kundidikira pageti ndikamajambula, kundibweretsera maswiti a chifuwa mawu akandithera. Ndinagwa, anzanga, osanama! Mpaka ndinamupatsa kiyi wa ka studio kanga.

Kukayikira kunayamba ndi mouse.

Loweruka lililonse ndikabwera kojambula, ndinkaipeza ili kumanzere kwa keyboard. Mpando utatsitsidwa. Kompyuta ili yofunda.

"Unabwera kuno?"

"Ndimangopanga update, babe."

Update sabata iliyonse?

Tsiku lina ndinawonkhetsa ma partition anga: 3TB, 2TB ndi 1TB. Zonse pamodzi 6.

"Katswiri, ndinagula 8. Zinazi zili kuti?"

Sanandiyang'ane n'komwe. "Opanga amawerenga mosiyana ndi kompyuta. Usadzipweteke mutu ndi zinthu zosakukhudza."

Zosandikhudza, diski yanga yomwe?

Ndinaitana mlamu wanga, mwamuna wa achemwali anga, amene amagwira ntchito ya makompyuta ku ofesi. Anakhala pampando, kudina apa ndi apo, kenako anavula magalasi.

"Mlamu, zoti amawerenga mosiyana n'zoona, koma 8TB imaonetsa 7 ndi kakuti. Apa pali partition yachinayi. Munthu anaichotsa chilembo chake, chija cha C kapena D, kuti isamaoneke."

"Itseguleni."

"Mukutsimikiza?"

"Alamu, tsegulani!"

Anaipatsa chilembo, ndipo inatulukira. Munali folder imodzi yokha.

Zithunzi mazanamazana. Katswiri ndi mtsikana wina wamagalasi, atavala zofanana. Katswiri akumuveka mphete. Akuyesa suti. Ndipo pansi pake panali vidiyo yoitanira anthu ku ukwati, yokonzedwa bwino, ndi pulogalamu yanga, pa kompyuta yanga. Ukwatiwo unali utatsala masabata atatu.

Ndinayang'ana deti ya folder ija... Inapangidwa tsiku lomwe lija anandiuza kuti ndikadye kaye.

Mlamu wanga anangodzuka n'kutuluka panja mwakachetechete.

Masana omwewo ndinamuimbira Katswiri. "Bwera, kompyuta ikuvuta."

Anafika akuimba likhweru. Ataona sikirini, likhweru linathera pakhosi.

"Babe, ndimati ndikuuze..."

"Liti? Pa honeymoon?"

"Ndi makolo akundikakamiza. Mtima wanga uli kwa iwe."

"Makolo ako ndi amene anasankhanso nyimbo ya mu vidiyoyi? Chifukwa yakoma."

Kenako anafunsa funso limene silidzandichoka m'mutu:

"Sunafufute kanthu eti? Ndilibe copy ina."

Apo m'pamene ndinadziwa chimene ankaopa kutaya.

Sindinafufute. Mtsikana uja sanandilakwire. Ndinamuuza akatenge diski yake asamutse zinthu zake ine ndikuona. Zinatenga maola awiri, tili wina uku wina uko. Zitatha ndinatambasula dzanja, anaikamo kiyi wanga, n'kumapita.

Loweruka lotsatira ndinali ndi ukwati woti ndijambule. Mkwati akunena malumbiro, ndinaika kamera pa tripod n'kuyang'ana kumbali. Mayi wina anandisisita paphewa, amvekere, "Wakukhudza eti mwanawe? Nawenso lako likubwera."

Ndinangomwetulira.

Anzanga, mtima ukakuuzani kuti china chake sichikukwanira, funsani munthu wachiwiri msanga. Ine ndinadikira miyezi isanu chifukwa ndinkaopa yankho.