Ndinagwadira Apongozi, Kamera Inandisowa

Zaka khumi ndi zinayi ndinagwira ntchito ya unamwino pachipatala cha boma kwathu. Mankhwala ndinkawadziwa ndi fungo lomwe. Koma nditafika kuno ku Maryland, ku Amereka, mapepala anga onse anasanduka okulungira mandasi. Ndinayambiranso pansi, kusambitsa okalamba, kuwasintha matewera, kuwadyetsa ndi supuni. Ntchitoyo sindiinyoza ayi, yandidyetsa. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti laputopu yotha ntchito ndi mawondo anga omwe ndi zimene zinandichotsa m'nyumba ya agogo ena amene ndinawasamalira zaka zinayi.

Agogowo anali mzungu wa ku Takoma Park, mphunzitsi wa piyano wopuma ntchito, wamasiye, wopanda mwana. Mutu wawo unali utayamba kutaya zinthu. Ankaiwala tsiku, ankaiwala ngati adya, nthawi zina ankaiwala kuti amuna awo anamwalira kalekale. Koma ine ankandidziwa ndikangoponda pamasitepe. Wina aliyense akafuna kuwasambitsa ankakuwa ngati akubedwa, koma ine ankangondipatsa mkono. Matenda atakula, adokotala anawonjezera mankhwala, ndipo kampani imene inandilemba ntchito inati wosamalira agogowo akhale ndi satifiketi yopereka mankhwala. Abwana anga, mayi wolankhula mokoma ngati akukuitanira ku ukwati, anandiimbira foni.

"Muli ndi mpaka kutha kwa mwezi uno," anatero. "Maphunziro onse ali pa intaneti, mavidiyo basi, kenako mayeso. Kwa inu zikhala zophweka. Zikakanika tiika munthu wina. Si ine, ndi malamulo."

Zophweka! Mawu amenewa ndimadana nawo mpaka pano.

Laputopu imene tinali nayo m'nyumba mwathu ku Hyattsville inachokera ku ofesi ya kazembe wina kumene amuna anga amayendetsa galimoto. Ankafuna kuitaya, iwo n'kuitola. Ikayaka inkalira ngati chigayo, n'kutentha pantchafu. Tsiku loyamba ndinalowa bwinobwino patsamba la maphunziro, ndinadina vidiyo yoyamba, n'kungoona bokosi lakuda ndi mawu akuti pulogalamu yanga yotsegulira intaneti ndi yakale. Nditafuna kuika yatsopano, inati kompyuta yonseyo ndi yakale, iyambe yalandira zatsopano. Nditavomera, inati malo adzaza. Adzaza ndi chiyani? Ndi mavidiyo a kwaya ndi a maukwati a anthu amene sitikuwadziwa n'komwe, amene amuna anga ankasunga ngati chuma cha makolo. Tinakangana masiku awiri asanalole kuti ndiwasamutsire pa kafulashi. Kenako kompyuta inatha Loweruka lathunthu ikudzikonza, ikundiuza kuti ndisaizimitse, ngati kuti ine ndi amene ndinali wovuta.

Vidiyo itatseguka, mayi wovala malaya oyera anayamba kugwedeza milomo popanda mawu. Ndinakweza voliyumu mpaka pamapeto, ziii. Sipika inali itafa ndi kukonza kuja. Ndinagula timahedifoni tachingwe, mawu n'kubwera. Ndinaganiza kuti mavuto atha, osadziwa kuti ndangofika pakhomo pake.

Mavidiyowo sankalola kudumpha. Unkayenera kuonera kuyambira poyamba mpaka pomaliza kuti akuchongere kuti waonera, ndipo pakapita mphindi zingapo pankatuluka kafunso kofuna kudziwa ngati ukadalipo. Intaneti ikadukiza, kagudumu kankazungulira pakati pa sikirini, kuzungulira, kuzungulira, kenako vidiyo n'kubwerera poyambirira. Vidiyo yophunzitsa kusamba m'manja ndinaionera kanayi. Ine, munthu amene ndinaphunzitsa anamwino achichepere kusamba m'manja ndi madzi a m'ndowa mipopi itauma, ndinakhala pabedi ndi kuonerera mayi uja akupaka sopo pakati pa zala, kanayi konse, ndikumutukwana chamumtima.

Ndinaimbira anthu othandiza pa za makompyuta a maphunzirowo. Nditadikira nthawi yaitali ndikumvera nyimbo yosakoma, anayankha mayi wina amene ankachita kumveka kuti akuwerenga papepala.

"Mwayesa kuzimitsa n'kuyatsanso?"

"Ndayesa, mayi. Ndazimitsa kambirimbiri."

Anandiuza kuti ndiyeze liwiro la intaneti. Ndinamuwerengera zimene zinatuluka, iye n'kuseka pang'ono. Anafunsa kumene kuli kabokosi ka intaneti. Ndinati kali pabalaza, ine ndili kuchipinda. Anati makoma a nyumba zakale amatchinga, ndigule chingwe, ndilumikize laputopu ku kabokosiko mwachindunji, makamaka tsiku la mayeso. Ndinagula chingwe. Chinali chachifupi, chongofika pa katebulo kamene kali pafupi ndi chitseko cholowera. Kagudumu kaja kanasiyadi kuzungulira, ndipo apa ndiyenera kuvomereza kuti mayiyo ankadziwa ntchito yake.

Koma pabalaza panali apongozi. Bambo a amuna anga anali atabwera kuchokera kumudzi kudzachotsedwa ng'ala m'maso. Ndi mkulu wa mpingo, munthu wodekha, wosakweza mawu. Usana wonse ankakhala pasofa, atavala magalasi akuda, akumvera wayilesi ya kwathu pafoni. Chikwatiwire sindinakhalepo pampando iwo ali pomwepo, ndipo sindinawalankhulepo nditaimirira. Palibe anandilamula. Ndi mmene ndinaleredwera, ndi mmene amayi anga ankachitira. Choncho mavidiyo otsalawo ndinawaonera nditakhala pansi, miyendo nditapinda, laputopu ili pakampando, timahedifoni kukhutu limodzi kuti akandiitana ndimve. Msana unkapweteka, koma ndinamaliza onse kutatsala masiku khumi.

Mayeso anali ndi malamulo ake. Ukhale patebulo. Kamera ikhale yoyaka, nkhope yako izioneka nthawi yonse. Uyambe wazungulitsa laputopu kuti aone chipinda chonse. Pasakhale munthu wina, usalankhule ndi aliyense, usachoke. Ndinawawerengera amuna anga malamulo onsewa, limodzi ndi limodzi.

"Bambo awa muwatenge Loweruka m'mawa," ndinatero. "Ola limodzi ndi theka basi. Ndipo muwauze chifukwa chake, kuti mwina mukabwerako msanga adziwe. Ine sindingawauze, mukudziwa."

"No problem," anatero amuna anga. "Ndikawaonetsa nyumba za akazembe ku Massachusetts Avenue, akhala akufunsa. Ndiwauza, usadandaule."

Loweruka anatulukadi cha m'ma naini. Ndinakolopa, ndinachotsa kalendala ya tchalitchi pakhoma kuopa kuti anganene kuti ndalembapo mayankho, ndinazungulitsa laputopu monga ananenera. Mafunso anali a ana. Mankhwala awa amaperekedwa munthu atadya kapena asanadye? Wodwala akakana kumwa utani? Ndinkayankha ndikumwetulira, ndikuganiza za nkhope ya abwana aja. Ndinali nditapitirira theka pamene ndinamva kiyi akutembenuka pachitseko.

Chakudza sichiimba ng'oma. Amuna anga anali ataitanidwa mwadzidzidzi kukatenga mlendo wa ofesi kubwalo la ndege. Anabweza bambo awo, n'kuwatsegulira chitseko, n'kuthamangira kugalimoto. Sanawauze kanthu, m'mawa kapena panjira.

"Odi kuno," anatero apongozi, ataima pakhomo ndi ndodo yawo, mkono umodzi kuchokera pamene ndinakhala.

Anthu amandifunsa kuti bwanji sindinangokweza dzanja, kapena kuloza kompyuta. Mutu wanga unkadziwa zonsezo. Unkakuwa kuti khala pomwepo, yang'ana kamera. Koma mkulu anali ataimirira, ine ndili pampando, ndipo mawondo sanadikire kumva maganizo a mutu. Ndinangozindikira ndachotsa timahedifoni, ndatsika pampando, ndagwada pambali pa katebulo, manja ndaphatikiza.

"Lowani, bambo. Mwayenda bwanji?"

"Tayenda bwino, mayi, kaya inu mwatsala bwanji kuno?"

"Tatsala bwino, bambo."

Moni wa apongozi sathamanga. Anandiuza za mbendera zimene anaziona mwa chimbuuzi, za nyumba zazikulu zopanda munthu panja, za mwana wawo amene ntchito yake ilibe Loweruka. Ine ndinkangoti inde bambo, zoona bambo. Kenako anati kukhosi kwauma. Ndinadzuka, ndinakatunga madzi, ndinagwadanso, n'kupereka ndi manja awiri. Ndinadikira amwe kuti ndilandire kapu. Atakhala pasofa n'kuyatsa wayilesi yawo, ndinakwawira ku katebulo kaja.

Sikirini inali ndi mzere wofiira. Mayeso atsekedwa. Nkhope sinaoneke kwa mphindi zoposa zitatu, ndipo pamveka mawu a munthu wina.

Sindinalire pomwepo, chifukwa apongozi akanafunsa. Ndinalowa kubafa, ndinatsegula mpopi, n'kuluma thaulo.

Lolemba ndinaimba foni kwa oyendetsa mayesowo kukadandaula. Anayankha bambo wina waulemu wake, amene anati waonera zimene kamera inajambula.

"Panachitika ngozi?" anafunsa.

"Ayi."

"Munthu amene analowayo anadwala?"

"Ayi. Ndi bambo a amuna anga. Ndinkawapatsa moni."

"Moni? Simukanawapatsa mutamaliza?"

Ndinayesa kufotokoza kuti kwathu mtengwa sakhala pampando apongozi ataimirira. Ndikulankhula ndinkadzimva ndekha mmene zinkamvekera m'Chingerezi, ngati nkhani ya munthu wopanda nzeru. Iye anati akumvetsa, ndipo amalemekeza zikhalidwe zonse, koma kamera inangoona mpando wopanda munthu ndi kumva anthu awiri akulankhula chilankhulo chimene iwo sachidziwa. Sangatsimikize kuti sindinkafunsa mayankho. Ndikhoza kulembanso pakatha masiku makumi atatu. Mwezi unali utatsala ndi sabata imodzi.

Amuna anga ndinawadikira kugalimoto, pamalo oimikapo, kuti apongozi asamve.

"Munati muwauza," ndinatero.

"Ndikanayamba bwanji? Ndiwauze bambo anga kuti akalowa m'nyumba ya mwana wawo asalonjeredwe? Iwenso, ukanangokhala pampandopo. It's an exam. Akanamvetsa."

"Ndikanakhala, inu mukanamva kuti ndawayang'ana bambo anu ndili pampando osayankha odi, mukanati chiyani?"

Anayang'ana chiwongolero. Tonse tinkadziwa kuti iwo ndi amene akanayamba kunena kuti Amereka yandilowa m'mutu, ndipo nkhaniyo ikanafika kumudzi ndege ya apongozi isanatere. Amati mapanga awiri avumbwitsa, koma amene anavumbwa ndi ine ndekha. Iwo Lolemba anapita kuntchito kwawo monga mwa masiku onse.

Abwana anga anati apepesa kwambiri, ndi mawu awo okoma aja. Tsiku lomaliza ku Takoma Park ndinawasambitsa agogo, ndinawapesa tsitsi, ndinawadula zikhadabo. Ndinamuonetsa wosamalira watsopano kumene kumakhala matawulo, ndi kuti madzi asamawathire kumutu poyamba, aziyambira kumapazi. Anali mtsikana wabwino ndithu, ndi satifiketi yake. Agogo sindinawatsanzike. Ndinangoti ndikupita kusitolo, chifukwa ndikanati ndikuchoka akanalira, kenako n'kuiwala chimene akulirira, n'kumangolira.

Anakana kusambitsidwa ndi mtsikana uja. Anakananso wina amene anabwera pambuyo pake. Anayamba kulavula mankhwala omwewo amene anandichotsetsa. Pasanathe miyezi iwiri, wachibale wawo wakutali anawasamutsira kunyumba yosungira okalamba, piyano n'kugulitsidwa.

Mayeso ndinalembanso m'kachipinda ka kulaibulale, kokhala ndi chitseko chokhoma ndi kompyuta yosalira. Ndinakhoza osalakwa ndi funso limodzi lomwe. Satifiketi inabwera pa imelo, yokongola, ya maluwa m'mphepete. Ndinakwera sitima ndi basi kukawaona agogo kumalo kwawo kwatsopano. Ndinawapeza pa njinga ya odwala, ataonda, tsitsi litametedwa lalifupi kuti lisamavute. Ndinawagwira mkono monga ndinkachitira. Anaubweza, n'kundifunsa mwaulemu ngati ndine wobweretsa chakudya.

Sabata yomweyo apongozi ankabwerera kumudzi, maso atatseguka bwinobwino. Anthu a kutchalitchi anadzaza pabalaza pathu kudzatsanzikana nawo. Atapemphedwa kuti alankhule, anaimirira, anathokoza Mulungu, madokotala ndi mwana wawo. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Koma ndisaiwale mayi awa. Kumudzi amatiuza kuti ana athu akafika kuno amataya mwambo. Ine ndikukanena kuti ndi bodza. Tsiku lina ndinawapeza ali pa kompyuta yawo, otanganidwa ndithu. Atangomva odi, anasiya zonse, n'kugwada, n'kunditungira madzi. Amereka sinawaononge mayi awa."

Amayi a kutchalitchi analulutira. Wina anandisisita paphewa, wina anauza mwana wake wamkazi m'Chingerezi kuti amvetsere bwino. Amuna anga ankayang'ana pansi. Ine ndinali nditagwada kale pamenepo, thireyi ya makapu ili m'manja, ndipo onse ankadikira kuti ndiyankhe.

"Zikomo, bambo," ndinatero.