A Failo ndi kiyi wa kaloboti

Mphekesera inamveka mumsewu mwathu kuti mayi wa fotokope ndi amene anakolopa ndalama za mlamu wanga. Ine ndinaikhulupirira theka. Theka linalo ndinawonjezera ndekha, poti mayi ameneyu ndinali naye kale chifukwa. Chaka chatha ndinapita kukachita fotokope chitupa changa, iye n'kuyang'ana chithunzi, n'kundifunsa pagulu kuti, "Agogo, uyu ndi mwana wanu?" Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ine sindiiwala msanga.

Mlamu wangayo ndi mchimwene wa akazi anga, timangowatchula a Failo. Anagwira ukalaliki zaka makumi atatu m'kachipinda kopanda zenera, kuboola mapepala ndi kumanga timazingwe. Kalata imene anafunsira nayo mkazi analemba ndi kaboni, kope yake ilipo mpaka lero. Fomu ikawapeza sasiya bokosi lopanda chongi, ndipo pepala lililonse lotuluka m'manja mwawo bwana amayenera kulandira lake. Munthu wabwino ndithu, koma ukamupempha madzi akumwa umaopa kuti akusainitsa.

Atapuma ntchito analowa gulu lina la pa foni, la anthu ogula ndi kugulitsa ndalama za pa intaneti, zija amati kiripito. Woyang'anira gululo sanamuonepo ndi maso, koma ankamutchula kuti bwana, ndipo pomulembera uthenga ankakhala mowongoka pampando. Kumeneko anaphunzira za kaloboti, kapulogalamu kamene kamagula n'kugulitsa kokha iwe ukupanga zina. Kuti kagwire ntchito umakapatsa kiyi, amati wa API. Si kiyi wachitsulo ayi, ndi mzere wa zilembo ndi manambala wautali ngati sitima ya katundu. Amene waupeza mzerewo walowa m'akaunti mwako osagogoda.

A Failo anaukopera papepala ndi dzanja lawo lokongola lija, n'kupita nalo kwa mayi wa fotokope. Makope atatu, imodzi yomata pulasitiki. Lachisanu potsegula akaunti anapeza muli pululu. Theka la penshoni linali mmenemo.

Ndinawapeza atakhala pakhonde, failo ili pamwendo.

"Alamu, pepalali analigwira ndani?"

"Ine, ndi mayi uja wa fotokope."

"Ndiye mukufunanso mboni yanji? Mashini amene aja amakumbukira. Chimene ameza salavula."

Kaya amakumbukiradi kaya ayi, ine sukulu ndinaisiya aphunzitsi asanafike pa mashini. Koma ndinanena ndi mawu a munthu wodziwa.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasamukira pa benchi ya ometa tsitsi, moyang'anizana ndi shopu ya mayiyo. Aliyense wodutsa ndi envulopu ndinkamuitana mwaulemu. "Achimwene, ine sindinanene kanthu, koma a Failo analowa mmenemo ndi penshoni, n'kutuluka ndi pulasitiki." Sabata isanathe pakhomo pake pankangodutsa fumbi. Mwini nyumba anayamba kunena kuti safuna dzina loipa pamalo pake, mwezi ukatha aona wina woikapo. Mayiyo ankatuluka, kundiyang'ana, n'kubwerera. Ine n'kukweza chipewa.

A Failo nawo anakwiya mwa kalaliki. Analemba dandaulo la masamba anayi, lopita kupolisi, kope kwa mwini nyumba. Poti fotokope mumsewu wonse ndi ya mayi yemweyo, anafukula kaboni wakale m'sutikesi.

Lamlungu kunabwera mwana wawo wamkazi, namwino, wosaseka ndi zopusa. Anawerenga dandaulolo ali chilili.

"Ababa, tandipatsani foni."

Anaisinthasintha kanthawi, nkhope ikunka niuma.

"Popanga kiyi anakufunsani kuti kaloboti kaziloledwa kutani. Kuona akaunti, mwachonga. Kugula ndi kugulitsa, mwachonga. Nanga bokosi ili la kutulutsa ndalama munachongeranji? Kaloboti sikafuna limeneli."

"Fomu yosadzaza imabwezedwa," anatero a Failo.

"Nanga ichi n'chiyani? Mwajambula kiyi yense n'kutumiza kwa munthu uyu?"

"Amenewo ndi abwana. Ndi kope yawo."

"Anakupemphani?"

"Anangoti aone ngati ndalemba bwino. Koma ngakhale akanapanda kupempha. Ntchito imayenda choncho."

"Abwana anuwo ali kuti pano?"

A Failo anayang'ana. Gulu linali litatsekedwa, chithunzi cha abwana chitachoka, pangotsala kamutu kotuwa.

Ine ndinayesa kupulumutsa mlandu wanga. "Komabe mayi uja anaonanso pepalalo. Akuba akhoza kukhala awiri."

"Ankolo, inu khalani kaye chete." Anafufuta kiyi uja m'akaunti, kenako n'kutembenuzira foni kwa ife. "Ndalama zinatuluka Lolemba, mphindi khumi ababa atatumiza chithunzi. Ku fotokope munapita liti?"

A Failo sanganame pa deti, ngakhale atafuna. Anatsegula failo, kunyowetsa chala, n'kutulutsa risiti.

"Lachitatu," anatero motsitsa.

Dandaulo lija sanaling'ambe, poti iwo sang'amba pepala. Analemba pamwamba kuti lathetsedwa, n'kuliboola, n'kulimangirira kumbuyo kwa risiti. Ine namwinoyo ananditenga ngati wodwala wothawa jakisoni, choyamba kwa mwini nyumba, kenako pa benchi ya ometa, kuti ndilavule zonse ndinanena anthu akumva. Pomaliza tinalowa mu shopu. Ndinavula chipewa, n'kupepesa mwachidule momwe ndikanathera.

Mayiyo anapitiriza kusanja mapepala. "Ndamva, agogo. Mawa mukhale pa benchi pomwepo, aliyense wa envulopu muzimulozera kuno. Masiku ake akhale ofanana ndi aja."

Ndikukhalapo mpaka pano, ndipo nkhani ya chithunzi ija sindinaikhululuke. Koma mayi wa fotokope sanabe kanthu. Anachita fotokope kiyi wa akaunti imene inali itakolopedwa kale masiku awiri m'mbuyomo.