Khoma la kwa NyaManda

Agogo anga NyaLongwe ndikawakumbukira, chimayamba kundifika m'mphuno ndi fungo la dongo lonyowa losakanikirana ndi la chinangwa choviika, chifukwa kuseri kwa nyumba yathu yaudzu ku Kande kunali dzenje lawo losungiramo dongo, ndipo pambali pake panali mbiya zoviikamo chinangwa zimene ntchentche zinkazikonda kuposa ife eni ake. Anali woumba. Mtsuko ukachoka pamoto ankaugogoda ndi chala, khutu ali nalo pafupi ngati akumvera mwana m'mimba. Ukalira ngwee, ankati wapsa. Ukalira phuphu, ankauponya kudzala osauyang'ananso.

Nyumba yoyandikana nafe inali ya NyaManda, mnzawo wa agogo kuyambira ali atsikana. Mwana wa NyaManda ndi bambo anga anakwera sitima imodzi kupita ku Joni ine ndili kumsana. Wa NyaManda ankalemba makalata, ankatumiza mabulangete, chaka china anatumiza wailesi. Bambo anga anangoti zii, anatchona. Amayi atatopa kudikira anabwerera kwawo ku Mpamba, ine n'kutsala ndi agogo. Ndiye muone: wailesi ikalira kwa NyaManda, agogo ankayamba kusinja ngakhale mumtondo muli zochepa.

Ndili kamtsikana kotha kusenza ndowa, kunabwera uthenga woti NyaManda amangiridwe nyumba ya njerwa zootcha, ya malata, mazenera agalasi. Anaumba njerwa, anatentha uvuni, utsi n'kudzaza mudzi masiku atatu. Kenako kunafika mmisiri wa ku Nkhotakota, a Bonongwe, munthu wa pensulo kukhutu, amene Chitonga ankangodziwa cha moni basi.

Kuyambira tsiku limene anakumba maziko, njira yathu yopita kunyanja inasintha. Kale tinkangotsetsereka kuseri kwa nthochi. Tsopano agogo anati kumeneko kwachuluka njoka, tizidzera kwa NyaManda.

"Mwayuka uli, NyaManda? Tangodutsa ife."

"Dutsani, anzanga, dutsani."

Koma sitinkadutsa. Agogo ankatula mtsuko, n'kuika manja kumbuyo, n'kuyamba kuzungulira nyumbayo ngati anawatuma a boma. Tsiku lililonse ankapezapo kanthu.

"Chitseko chimenechi n'chopapatiza. Bokosi lanu lidzatulukira pati?"

Mawa lake: "Mazenera onsewa, mukufuna anthu azikuonani mukutafuna?"

Mkuja wake: "Khonde kuyang'ana kumsewu. Eya, kuti odutsa asavutike kudziwa kuti pali mwana ku Joni."

NyaManda ankangoseka. A Bonongwe ankati, "Zikomo amayi, tamva," maso ali pa chingwe chawo. Ine ndinkaima pakhomo lopanda chitseko lija n'kumasuzumira zipinda zinayi, kumtima kukuwawa ngati ndameza munga wa nsomba, chifukwa NyaManda anali ndi mdzukulu wake Fanesi, msinkhu wanga, ndipo ife awiri tinkagona pamphasa zofanana mpaka chaka chimenecho.

Makoma atafika pamwamba pa mazenera, m'mawa wina agogo anazungulira mpaka kukhoma loyang'ana kunyanja. Anatola kamwala n'kugogoda njerwa imodzi, mwachizolowezi chabe, monga ankachitira ndi mitsuko. Anaima. Anagogoda ina, ina, ina, akutsata khoma lonse. Kenako anakanda ndi chikhadabo, dothi n'kuyoyoka. Ndinawaona nkhope ikumasuka pang'onopang'ono.

"Lero mwapeza chiyani, NyaLongwe?" anafunsa NyaManda.

"Lero? Palibe. Nyumba yabwino kwambiri."

Popita kunyanja ankaimba nyimbo yakutchalitchi, ndipo sindinawamvepo akuimba mokoma chonchija. Titafika pamchenga anandikokera pafupi.

"Iwe, njerwa zakunja kwa uvuni moto umangozinyambita, sizipsa. Zabwino zamuthera mmisiri uja, ndiye watenga zosapsazo wamangira khoma lakunyanja, kumene mvula imamenya ikabwera ndi mphepo. Akapaka pulasitala palibe adzadziwe. Mvula ya chaka chino lipirira, ya chaka chamawa mwina. Yachitatu ligona pansi."

"Tikawauze, agogo?"

"Anatifunsa? Ali ndi mwana ku Joni, awauze ndi iyeyo. Tseka pakamwa."

Ndinatseka, ndipo sindinama, kutsekako kunandikomera. Ndinayenda nacho chinsinsicho masiku awiri ngati ndabisa shuga m'tsaya.

Tsiku lachitatu masana Fanesi anandigwira dzanja n'kundilowetsa m'nyumbamo amisiri akupuma. Tinadumpha milu ya mchenga mpaka chipinda chakumapeto.

"Ichi n'changa ndekha," anatero. "Adada atumiza bedi lachitsulo. Lidzakhala apa, mutu wanga kukhoma ili, ndizimva mafunde ndili gone. Iwe uzibwera kudzaona, koma uziyamba wasamba m'mapazi."

Ndinayang'ana khomalo, ndinayang'ana Fanesi. Pakamwa panga panali mawu, koma za m'mapazi zija zinawakankhira kukhosi. Mumtima ndinati: ligwe, tione ngati bedi lachitsulo limasamba m'mapazi. Ndinali mwana, inde, koma ndinaganiza zimenezo, ndipo Mulungu anamva.

Kunyumba ndinapeza agogo akuumba mtsuko. Sindinapite kukapulumutsa munthu ine, ndinapita kukadandaula.

"Agogo, Fanesi akuti ali ndi chipinda chakechake. Akuti bedi lachitsulo. Akuti ine ndizisamba m'mapazi."

"Musiye, n'chibadwa cha kwawo."

"Akuti mutu wake uzikhala kukhoma, azimva mafunde."

Manja a agogo anaima.

"Khoma liti?"

"Lakunyanja."

Anapitiriza kuumba, koma mlomo wa mtsuko unapotoka. Anaukonza, unapotokanso. Mapeto ake anauphwanya ndi chikhatho n'kubwezera dongo m'dzenje. Anayang'ana manja awo, kenako anati, osalankhula ndi ine, "Bwenzi atagonekako NyaManda mwini wakeyo." Anatsonya. "Ngakhale iyeyo."

M'mawa mwake linali tsiku lopaka pulasitala. Agogo anamanga duku lawo la Lamulungu, anandisenzetsa ndowa yamadzi, tinapita. Ulendo uno sanati tangodutsa. Tinapeza a Bonongwe akusakaniza mchenga, amayi angapo atabweretsa madzi.

"NyaManda, khoma lakunyanja ligwetsedwe. Njerwa zake n'zosapsa."

Amayi aja anayang'anana, wina anabisa kuseka m'chitenje. NyaManda anapukusa mutu.

"NyaLongwe, anzanga, mwezi wonse ndakhala ndikumva. Chitseko, mazenera, khonde. Lero khoma. Mawa mudzati nyanja ili mbali yolakwika. Mwana wanu akanalemba kalata, bwenzi khoma langa lili bwino."

Mawu amenewo anagwa ngati mwala m'chitsime. Ndinkayesa agogo atembenuka tizipita, ndipo ndinkafuna atembenuke. Koma anawameza mawuwo.

A Bonongwe anabwera ndi levulo yawo yoyezera kuwongoka kwa khoma, anaigunditsa kukhoma. "Amayi, taonani kamadzi aka. Kali pakati penipeni. Khoma lawongoka ili."

"Kamadzi kanuko kamadziwa kuwongoka, sikadziwa kupsa. Bambo, kwerani mundichotsere njerwa imodzi pamwamba pa khoma ili, ina pamwamba pa khoma lakumsewu."

"Amayi, ntchito ikuchedwa."

"Mukuopa chiyani? Ndine mayi wansanje chabe, mwamva nokha. Ndichititseni manyazi anthu aone."

Pamenepo NyaManda anati, "Achotsereni, bambo, kuti atisiye."

Anachotsa. Agogo anaika njerwa zonse ziwiri m'ndowa yanga, anakhala pansi, anatambasula miyendo, n'kupempha mpeni kuti athandize kusenda chinangwa chimene NyaManda anali nacho m'dengu. Anayamba kusenda. Dengu lisanathe, madzi m'ndowa anali atafiira. Anapisa dzanja, anatulutsa njerwa yakumsewu ili yonse, ikudontha. Anapisanso, anatulutsa phala lokhalokha likutuluka m'mipata ya zala.

"Mdzukulu wanu amati aika mutu apa," anatero, n'kupukutira dzanjalo pakhoma lomwelo.

A Bonongwe anayamba zoti njerwa zabwino zinachepa, zoti pulasitala imateteza, koma palibe ankawamvera. NyaManda anayang'ana Fanesi, anayang'ana ndowa, n'kukhala pamulu wa mchenga.

"Yewu, NyaLongwe," anathokoza motsitsa m'Chitonga.

"Yewu wanuyo sungani. Ine sindifuna kuona dongo likunamiziridwa kuti lapsa."

Khomalo analigwetsa. Anatentha uvuni wina, ndipo NyaManda anabwera okha kwathu, anagwada pakhomo, kupempha kuti agogo akagogode njerwa iliyonse isanakwere pakhoma. Agogo anakana kawiri, kachitatu anapita. Anakhala masiku atatu pambali pa uvuni ndi kamwala kawo, ngwee uku, phuphu uko, akung'ung'udza osapuma. A Bonongwe akatenga njerwa imene agogo sanaigogode, ankangomva, "Bweza!" Munthu wamkulu wa pensulo kukhutu ankabweza.

Nyumba inatha, malata akuwala mpaka asodzi ankaiona ali pakati pa nyanja. Tsiku loipempherera agogo anati bondo lawavuta. Anakhala pakhonde lathu, nyimbo zikumveka, akuyang'ana udzu wa denga lathu umene unali utayamba kuda.

"Taona, mwana iwe," anandiuza. "Ndalimbitsa nyumba ya mnzanga ndi pakamwa panga, yanga ikudontha."

Mpaka anamwalira sanalowemo. Akafuna NyaManda ankaima pabwalo n'kuitana. Bambo anga sanabwere, ngakhale pamaliro.

Nyumba ija ilipobe. Pamene panali yathu pali munda wa chinangwa. Fanesi ndi amene amakhalamo, ali ndi imvi ngati ine, malata anachita dzimbiri, koma khoma lakunyanja lilibe ndi mng'alu womwe. Zaka zonsezi ndikadutsapo kanthu kamanditsina pansi pa nthiti, ndipo ndapempherera kanthuko mokwanira, sikachoka.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito ku Mzuzu anayamba kundimangira nyumba. Zipinda zisanu, malata obiriwira. Makoma atakwera, amayi a kutchalitchi anabwera kudzaona. "Yabwino, yabwino, Mulungu wakukumbukirani." Ndinawathokoza, koma mawu awo sindinawatenge. Wokukonda amayang'ana kumwamba, wansanje ndi amene amawerama. Ndinatuma uthenga kwa Fanesi.

Anabwera ndi ndodo yake, milomo ataimanga. Anazungulira katatu. Anati khitchini yachepa, anati mtundu wa malata ndi wa sitolo, anati munthu mmodzi zipinda zisanu n'zogonekamo chiyani. Kenako anawerama kuseri, anatokosa ndi ndodo pansi pa maziko, n'kundionetsa njira ya chiswe imene tonse, ndi mmisiri yemwe, sitinaione. Tinakumba, tinapeza chulu chakale chili pansi pa chipinda changa chogona.

Ndinamuphikira tiyi wamkaka, ndinamuthirira shuga masupuni atatu. Anamwa akuyang'ana mazenera anga mmodzimmodzi, nkhope ili ngati akumwa mankhwala a malungo. Ndinamuthokoza ndi mtima wonse. Koma nkhope imene ija, inu, ndisakubisireni: ndinamuthirira kapu yachiwiri kuti ndiione nthawi yaitali.