Kachipewa Komwe Sindinafune Kuluka

Kuluka ndinaphunzira ndili Sitandade 8, kwa mayi wina wachisilamu amene ankayanika usipa pafupi ndi kwathu kunyanja. Amuna ake anandisulira kachitsulo kolukira kuchokera ku sipoko ya njinga, ulusi ndinamasula juzi yakale ya bambo. Mayiyo anandionetsa kupanga tcheni, kukolowekamo kachitsulo, kukoka ulusi, kenako kuzungulira. Cholinga changa chinali kansalu kofunditsa wailesi, kuti mayi anga andiyamikeko kamodzi.

Chimene ndinaiwala n'chakuti pozungulira umayenera kumawonjezera mfundo. Ukapanda kutero chinthucho sichiyalika, chimapindika ngati chikho. Changa chinapindika, ndipo pochita manyazi ndinachibisa mumphasa.

Mayi anga anachipeza. Anachiveka pachibakera chawo, n'kuchitembenuza uku ndi uku. Kunena zoona, chinali kachipewa ka khanda ndithu.

Sanandifunse kanthu, ndipo n'zimene zimandipsetsabe mtima. Anangoyamba kundiwerenga ndi maso. Ndikakana chambo, aona. Ndikadya mango osapsa, aona. Ndikachedwa kotunga madzi, afunsa mng'ono wanga kuti ndinaima ndi msodzi uti. Masiku amenewo, pamene munthu ankaopa ngakhale khoma la nyumba yake, mtsikana akatenga mimba sukulu inkathera pomwepo. Ine mayeso anali pafupi, mtima uli kusekondale.

Loweruka lina kunabwera azakhali anga kuchokera ku Maganga, ndi amayi ena awiri achikulire. Ananditsekera kuchipinda n'kundiuza kuti ndivule. Ndinafotokoza za wailesi, za mfundo zosawonjezera, mpaka ndinapempha kuti akafunse amene anandiphunzitsa. Azakhali anaseka.

“Wailesi imavala chipewa, mwana iwe?”

Anandisinika pamimba, anandiyang'ana mawere, sanapeze kanthu. Ndinkayembekeza kuti mayi apepesa. Iwo anangoti mwina ikadali yaing'ono, tione mwezi wamawa.

Koma amayi atatu achikulire salowa m'nyumba ya mtsikana mudzi osadziwa. Lolemba anyamata a m'kalasi anayamba kunditchula make mwana, ndipo ahedi anaitanitsa bambo. Bambo, munthu woopa zoyankhayankha pamaso pa akuluakulu, anavomera kuti ndikhale kaye pakhomo mpaka zioneke.

Zinaonekadi. Miyezi inadutsa mimba yanga ili phwaa, aliyense anakhutira kuti ndinalibe mlandu. Pamenepo n'kuti anzanga atalemba kale mayeso.