Mpando Umene Unakana Kuthyoka

Bambo anga ndi kalipentala, ndipo pa zaka makumi atatu zimene akhala akupala matabwa palibe mpando wawo umene unathyokapo. Zimenezi amauza aliyense, ngakhale munthu amene wangobwera kudzabwereka hamala. Shedi yawo ili kuseri kwa nyumba yathu, ndipo m'katimo chida chilichonse chili ndi msomali wake wopachikapo, kupatula pensulo imene imakhala kukhutu. Thabwa limodzi amaliyeza katatu asanalidule. Ine sindinawatengere. Ndimadya choimirira, ndimayankha funso lisanathe, ndipo mawu amene ndakula ndikuwamva ndi akuti, "Iwe, kuthamanga si kufika."

Nditawauza bambo kuti ndikufuna kukaphunzira zisudzo ku koleji, anandiyang'ana ngati thabwa lopindika. Sanakane. Anangoti ndipite, koma ndikadzalephera ngakhale chaka chimodzi, ndidzabwerere kunyumba ndikayambe kosi ya unamwino imene mayi ankandifunira. Ndinavomera mofulumira monga mwa khalidwe langa, ndipo pangano limeneli linandisowetsa mtendere zaka zitatu zonse.

Ku koleji ndinapeza kuti mtima wanga suli pa kusewera pamaso pa anthu koma kuseri kwa katani. Ndinaphunzira kuti khoma la pa siteji ndi nsalu yopaka penti, bingu ndi lata logwedeza, magazi ndi madzi a shuga othira utoto. Tinawerenga za anthu akale amene ankasewera pabwalo popanda katani, ena atabisa nkhope, ena osatulutsa liwu ngakhale limodzi. Zonsezi ndinkazikhuthulira patebulo kunyumba anthu akudya, osapatsa wina mpata. Tsiku lina ndinawaonetsa bambo chithunzi cha nyumba yathu ya pa siteji, yokongola kutsogolo, kumbuyo yochirikiza ndi timitengo. Anapukusa mutu.

"Chikomekome cha nkuyu," anatero. "Ndiye kuti kumeneko mukuphunzira bodza."

Pa mayeso omaliza anandipatsa kuyang'anira zonse za pa siteji: magetsi, katani ndi katundu. Sewerolo linali la bwana wankhanza wa pa fakitale amene pamapeto pake antchito, mkazi ndi ana omwe amamuthawa. Amatsala yekha, amakhala pampando wake, mpandowo n'kuthyoka, magetsi n'kuzima. Sewero lonse linatsamira pa kuthyoka kumeneko. Wosewera ubwanawo anali mnzathu wina wathupi lake amene tinkamutcha Simenti. Mphunzitsi wathu, mayi wamfupi wa mawu akuthwa, tinkawatcha a Bwerezani, chifukwa ndiwo mawu amene sankachoka pakamwa pawo.

Ndinapita kushedi ndikudziwa kuti ndikukapempha chinthu chovuta.

"Bambo, mundipangireko mpando."

"Wotani?"

"Wooneka wa bwana, wamsana wautali. Koma uzithyoka munthu akakhalapo."

Anachotsa pensulo kukhutu, n'kuibwezeranso.

"Oonerera adzakhala angati?"

"Holo imadzaza, bambo. Mwina mazana awiri."

"Anthu mazana awiri adzaone mpando wanga ukuthyoka?"

Pakanapanda mayi, nkhani ikanathera pomwepo. Anatulukira pakhomo la shedi manja ali m'chiuno. "Inu bambo ake, mpando womwewu? Mupangireni mwanayu, mwina atikhalire pansi, mutu wanga wayamba kuzungulira naye." Bambo anavomera ndi mutu. Ndinawafotokozera kuti miyendo yakumbuyo asaithire guluu, angoilowetsa. Anavomeranso ndi mutu, ndipo ine wopusa ndinakhulupirira.

Mpando unafika ku koleji Lachiwiri, mayeso ali Lachisanu. Unali wokongola moti anzanga ankausisita. Lachitatu, poyeserera komaliza, Simenti anayankhula mawu ake otsiriza, anapuma mozama, n'kukhalapo. Mpando uli gwa.

"Bwerezani!"

Anadzuka, n'kudziponyapo mwamphamvu. Uli gwa. Kachitatu anachita kudumpha, mpando sunalire n'komwe, amene analira ndi Simentiyo atagwira msana. Anzanga anaseka mpaka misozi, ine nkhope ikutentha. Nditautembenuza mpandowo ndinapeza guluu paliponse, misomali, ndi kamtanda kolumikiza miyendo kamene sindinapemphe.

A Bwerezani sanaseke. "Katundu wa pa siteji ndi wako," anatero. "Lachisanu mpandowu ukapanda kuthyoka, walephera. Usadzandiuze za bambo ako."

Ndinakwera minibasi ndi mpandowo, kondakitala akundinena njira yonse, ine mtima uli m'mwamba. Ndinakafikira kushedi n'kuutsitsa pamaso pa bambo mwamwano.

"Mwandichita chiyani, bambo?"

Sanandiyang'ane. "Ndinayesa, mwanawe. Ndinausiya tsiku lathunthu wopanda guluu. Ndikadutsa pafupi n'kuukhudza, ukugwedera. Manjawa anakana."

"Ayi, inu mukungofuna ndilephere, ndikavale yunifolomu yoyera!"

Mawuwo atangotuluka ndinadziwa kuti ndawalasa, koma sindinawabweze. Ndinali nditapsa mtima, ndiponso ndinali ndi mantha. Ndinayandikira khoma, n'kutsitsa sowo yawo pamsomali, chinthu chimene kunyumba kwathu palibe anachitapo. Ndinagoneka mpando, n'kuyamba kucheka mwendo wakumbuyo. Sowo inkadumpha, inkatsetsereka, inkakanda vanishi. Ine osaleka.

"Leka," anatero bambo.

"Sindileka."

"Ukacheka choncho, mwendowo udzathyoka mosongoka, udzamubaya mnzakoyo pantchafu. Bweretsa kuno." Analanda sowo, n'kuiyang'ana mano ngati ndaigulula. "Munthu wakeyo amalemera bwanji?"

Ndinawauza.

"Amakhala mwakamodzi kapena pang'onopang'ono? Agwere mbali iti? Anthu amakhala kuti?"

Mafunso amenewa ngakhale ine ndinali ndisanadzifunsepo. Ndinakankha matabwa, n'kuwaonetsa pakati pa utuchi pomwepo: bwana ayenda chonchi, aima apa, akhala, atsamira. Aka kanali koyamba bambo kundiona ndikusewera. Anandichititsa kanayi, maso awo ali pa miyendo yanga ndi pamsana, osati pankhope.

"Ndiye usathyoke pokhala," anatero pomaliza. "Uthyoke potsamira. Umuuze mnzakoyo akhale kaye, apume kawiri, kenako atsamire kumanzere."

Lachinayi lonse linathera pa mpando umenewo. Anazula misomali yonse, umodziumodzi, n'kuiika m'chitini. Anachotsa kamtanda kaja ndi mwendo umene ndinauononga, n'kuikapo mwendo watsopano. Asanacheke mpandowo anayesa kaye pa miyendo ya mpando wina wakale, atausenzetsa thumba la mchenga. Woyamba unathyoka msanga, wachiwiri unachedwa. Ine ndinkangozungulira shedi, kulowa, kutuluka, kuyang'ana wotchi, mpaka mayi anandituma kukachapa zovala zoyera kale kuti ndichoke. Pobwerera ndinapeza akucheka miyendo yeniyeni chopendeketsa, kuchokera m'kati, n'kusiya kachigawo kochepa kogwira. M'mphepete anasalaza kuti pasakhale chobaya. M'mabalamo anamatamo utuchi wosakaniza ndi phula la kandulo, n'kupakanso vanishi. Unaoneka wolimba ngati kale.

"Tiuyese?" ndinafunsa.

"Umathyoka kamodzi," anayankha. "Ukauone mawa."

Lachisanu masana holo inadzaza. Ine ndinali kuseri kwa katani, dzanja lili pa switchi, thukuta likutsika kumsana. Pa kampata ka nsalu ndinawaona bambo pamzere wachitatu, atavala jekete limene amavala ku maukwati okha, atakhala tsonga ngati akudikira chigamulo. Sewero linayenda, koma ine sindinamve mawu ngakhale amodzi. Ndinkangoyang'ana mpando, kuopa kuti wina augunda nthawi isanakwane.

Pamapeto Simenti anatsala yekha pa siteji. Anayenda, anaima, anakhala. Mpando uli gwa. Anapuma kamodzi. Anapuma kachiwiri, n'kutsamira kumanzere, ndipo miyendo iwiri inathyokera pamodzi kuti thyoo, bwana uja n'kupezeka pansi. Holo yonse inangoti zii, mayi wina kumbuyo anafuula yekha, "Mayo!" Ndinazimitsa magetsi. M'manja munayamba kuombedwa ndisanachotse chala pa switchi, ndipo ndinangokhala pansi pa zingwe.

A Bwerezani anadutsa pafupi nane n'kundigwira paphewa. "Wakhoza," anatero, osaima.

Anthu atayamba kutuluka, mayi anandipeza kuseriko. Anandikumbatira, kenako n'kundinong'oneza: "Bambo akowo sanaone. Mnzako atangoyandikira mpando, anatseka maso mpaka anthu ataomba m'manja."

Chimwemwe changa chinaphwa pang'ono. Ndinali nditapeza chimene ndinkafuna, koma ndinali ndisanaganizepo kuti kwa iwo chinali cholemera chotani. Ndinawapeza pa siteji atagwada ndi jekete lawolo, akutola zidutswa, akupapasa pothyokapo ndi chala chachikulu.

"Mnzakoyo sanavulale?"

"Ayi, bambo. Ngakhale kukandika."

"Chabwino."

M'holomo munali mudakali anthu ambiri, ena mwa iwo oyandikana nafe nyumba, anthu amene m'makomo mwawo muli mipando ya bambo. A Bwerezani anakwera pa siteji, anatola mwendo umodzi, anauyang'ana, n'kufunsa ndi mawu awo aja omveka mpaka kukhomo:

"Mpando uwu anapanga ndani?"

Anthu anatembenuka. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiname, ndinene kuti tinaupeza kwina. Bambo anandiletsa ndi dzanja. Anadzuka pang'onopang'ono, anasasa utuchi pamaondo, mwendo wina wothyoka uli m'manja.

"Ndine, mayi," anatero. "Kalipentala wake ndine. Ndipo uyu ndi mwana wanga."