Yunifolomu Yoyera ya Emilia

Pakomboni ya antchito a famu ina kufupi ndi tauni ya Mvurwi, aliyense amadziwa kuti a Filesi sakhulupirira munthu wobwera pagalimoto. Anzawo amawaseka kuti ngakhale mngelo atatsika kumwamba, iwo angayambe amufunsa kaye kuti wamutuma ndani. Koma osekawo sanaone zimene mayiyu anaona.

A Filesi anabadwira pafamu pomwepo, bambo awo atachoka ku Dedza kudzagwira ntchito ya fodya. Ali kamtsikana, masamu ankangowamwa ngati madzi. Tsiku lina kunabwera mayi wina wa ku Harare, wonunkhira mafuta, n'kuuza makolo kuti mwana wanzeru chonchi asafere m'fodya, akamulowetsa sukulu yabwino. Sukulu yakeyo inali sinki. Anawaveka yunifolomu ya antchito, ndipo anatsuka matambula ndi matewera mpaka manja anachita ming'alu. Kukomboni ankangoti mwana ali kutauni, akudya bwino. Anabwerako atakula kale, n'kuyamba kusankha fodya m'shedi, ntchito imene amaigwirabe mwaganyu poti famuyo inagawidwa kwa alimi ena.

Mutu wa masamu uja unagwera mwana wawo wotsiriza, Emilia. Ndiye nayonso galimoto inabwera. Anatsikamo a Janet, mphunzitsi wa sayansi ku yunivesite ya ku Chinhoyi, amene amazungulira masukulu a m'mafamu kufunafuna atsikana okonda masamu. Ankafuna kuti pa holide Emilia akakhale ku Chinhoyi ndi atsikana ena, akaphunzire m'labu, chipinda choyezeramo zasayansi.

"Mai Emilia, mwana wanuyu ali ndi mphatso," anatero a Janet m'Chishona chosakaniza ndi Chichewa chotola. "Atsikana mu sayansi ndi ochepa, a m'mafamu ndiye kulibiretu."

"Kwanuko muli ndi ana aang'ono?" anafunsa a Filesi.

"Alipo awiri."

A Filesi anangogwedeza mutu. Mumtima anati: ndadziwa, matewera aja ndi amenewa.

Azimayi a pakomboni anawalangiza kuti mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Iwo anayankha kuti kalumo komweko n'kamene kanawacheka. Koma Emilia analira, anakana sadza, nsima ya kumeneko, anasiya kuyankhula. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. A Filesi anavomera, mtima ukuwawa, ndipo chikwama anamangira okha.

Emilia ankaimba foni kuti ali bwino. Zimenezo sizinawatonthoze m'pang'ono pomwe. Mwana amene wamuimirira munthu kumbuyo amati ali bwino nthawi zonse. Iwonso ali ku Harare ankatuma uthenga womwewo. M'shedi anayamba kusakaniza masamba abwino ndi amawanga, chinthu chimene sanachitepo, mpaka foromani anawafunsa ngati maso ayamba kufa. M'mawa mwake anavala chitenje cha kutchalitchi n'kukwera kombi, minibasi ya kumeneko, osauza munthu.

Ku Chinhoyi mlonda wa pageti la yunivesite anawalozera nyumba yaitali. Anayenda m'khonde akusuzumira chitseko ndi chitseko, mpaka anamuona. Emilia anali ataima pa sinki, atavala chovala choyera chofika m'mawondo, akutsuka timatambula tagalasi.

A Filesi chitseko anachikankha ndi phewa.

"Vula! Vula yunifolomuyo, tiye kwathu!"

"Amai! Mwabwera bwanji?"

"Ndati vula! Sindinakuberekere sinki ya munthu ine!"

Atsikana ena anatembenuka, onse ovala zoyera zomwezo. A Filesi anagwira pakamwa. Madamu wa ku Harare uja ankangotenga mmodzi. Uyu wachita kukolola komboni ndi komboni.

"Ali kuti mwini wake wa antchitowa?"

"Ndili pano, Mai Emilia."

Mawuwo anachokera pa sinki yoyandikana. A Janet anali momwemo, atavala chovala chonga cha anawo, manja a chovalacho atapinda, madzi akutsika m'zigongono. A Filesi anawayang'ana nthawi yaitali. Zaka zonse zija ku Harare, madamu sananyowetsepo ngakhale chala.

"Muno amene wagwiritsa ntchito galasi amatsuka yekha, kaya ndi pulofesa," anatero a Janet. "Kadontho kamodzi kakatsalira, zimene tikuyeza zimatinamiza. Chovalachi n'choteteza ku mankhwala."

Emilia, nkhope ili pansi, anakokera mayi ake pa makina okulitsa zinthu. Pansi pake panali kachidutswa ka tsamba la fodya lamawanga, longa masamba amene iwo amataya pambali m'shedi. A Filesi anatsinzina diso limodzi, nasuzumira, n'kuona tiulusi totuwa titayala paliponse. Emilia anafotokoza kuti timeneti n'timene timadwalitsa tsamba, ndipo iye akuwerengera kuti timachuluka msanga bwanji kukakhala chinyezi.

A Filesi anamva, koma makina angathe kuikidwa pofuna kupusitsa mlendo. Anagwira manja a mwana wawo, anamuvula magolovesi, n'kutembenuza manjawo uku ndi uku monga amachitira ndi tsamba. Anapapasa pakati pa zala, ananunkhiza. Munalibe mng'alu, munalibe fungo la matewera. Pa chala chapakati panali kachithupsa kolimba ka cholembera ndi banga la inki.

Anasiya manjawo pang'onopang'ono. Kupepesa sanapepese, poti sanaone chimene analakwa.

"Ndibweranso," anauza a Janet, "ndipo sindinena tsiku."

"Muzibwera, Mai Emilia. Mwa makolo a atsikana onsewa, ndinu oyamba kudzaona kumene ana amakhala."

Emilia anawaperekeza mpaka pageti, chovala choyera chija chili m'thupi. Kombi itayandikira, mtsikanayo analephera kupirira.

"Amai, mwandichititsa manyazi pamaso pa anzanga."

A Filesi anakonza kolala ya chovalacho, n'kumanga batani limene linamasuka.

"Manyazi amenewo, mwanangu, ine ndinkawalakalaka tsiku lililonse ndili pa sinki paja. Ndinkayang'ana kugeti. Palibe anabwera kudzandichititsa."